Zitini Zimene Ndinasungira Alendo

Tsekani chitseko icho, amake Joyce. Si mphepo ndikuopa ayi. Pali anthu amene amaima panja ngati akumanga chitenge, makutu ali muno. Nanunso kumbuyoko mwagwira foni, ibwezereni m'chikwama. Nkhaniyi ndinena ndekha ndi pakamwa panga, sindifuna kukaimva mawa mu basi ikudzilankhulira yokha.

Ambiri mukundidziwa. Ndine Naphiri wa kantemba ka pakona, kagolosale kaja ka pafupi ndi pompi ya madzi, kuno ku Kanyama. Atcheya a gulu lathu la amayi amalonda atandipempha kuti ndilankhule, ndinayamba ndakana. Chandibweretsa n'chakuti sabata yatha ndinaona mmodzi wa inu akutsitsa makatoni pa wilibala, akuyang'ana uku ndi uku, n'kuwalowetsa m'nyumba msangamsanga. Dzina sinditchula. Koma kuyang'ana kumeneko ndikukudziwa, kunali kwanga.

Ine sindinagwe ndi ngongole. Munthu wosakhulupirira anthu sakongola, sakongozanso. Chilimba, kosonkherana ndalama kuja, sindinalowepo. Ndalama ya pafoni ndinkaikana, ndinkati ndalama imene sungaigwire ndi ya amene akukusungirayo. Amuna anga atamwalira, abale awo anabwera kudzalira, pochoka ananyamula ndi mbaula yomwe. Kuyambira pamenepo ndinati m'bale wanga ndi maso angawa basi. Ndipo maso anandidyetsa zaka zambiri. Ndinkadziwa amene walandira ndi amene wachotsedwa ntchito pongoona zimene mwana wake watumidwa, kaya ndi kapaketi ka ufa ka pamela kapena thumba lathunthu, mafuta a saladi a m'kapulasitiki kapena a m'botolo.

M'nyumba tinali awiri, ine ndi mdzukulu wanga Taonga. Amake, mwana wanga Misozi, amagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi. Amagona konko, kwathu amabwera Lamlungu. Ndiye mwanayo ndinkamusambitsa ine, ku sukulu ndinkamuperekeza ine. Dzina lake mulisunge, chifukwa nkhani yonse ikupita kwa iye.

Chaka chija mvula inakana, malaiti n'kuyamba kupita tsiku lathunthu, mukuchikumbukira. Ndinali ndi firiji yaikulu yotsegukira pamwamba, mmene ndinkasungira nsomba ndi nkhuku zoduladula. Nsomba zinayamba kufewa, kenako kununkha. Kapenta anakwera. Malasha anakwera. Anthu anayamba kufunsa ndiwo yosafuna firiji, yosatha malasha. Poyamba zinali nsomba za m'chitini za supu ya tomato zija. Kenako kunabwera tuna. Anayamba ndi anyamata ogwira ntchito m'tauni, atsikana a m'masaluni, ndi aja olimbitsa thupi ponyamula zitsulo kuseri kwa tchalitchi, amene anaiona pa foni. Posapita nthawi azimayi a mabanja nawonso anaigwira. Ine ndinaziona anthu asanayambe kuzinena. Ndikamasesa m'mawa ndinkasuzumira m'ngalande, ndipo tizitini tatifupi tija tinali kuchuluka kuposa mapepala a sopo.

Tsidya la msewu kuli amake Saidi, aja makolo awo anachokera ku Malawi, amuna awo amakhoma mbaula ndi ndowa. Amake Saidiwo ali muno, akhala apo, asaweramitse mutu. Iwo anali atayamba kale kuoda tuna, pang'onopang'ono, ikatha n'kupitanso. Tsiku lina anawoloka msewu.

"Anaphiri, bwanji tizisonkhana ndi amayi enawa, tizikaoda pamodzi? Mtengo umatsika, wilibala imakhala imodzi."

Ine ndinati, "Ndamva." Mumtima ndinati mayiyu akufuna adziwe kulemera kwa mpango wanga womangamo ndalama.

Misozi ankandibweretsera zitini zotha za tuna za kwa madamu ake kuti ndiziyezera mtedza. Ndinaona kuti zonse zinali za pepala la buluu, pamene za amake Saidi zinali za pepala lachikasu. Ndinamufunsa mozungulira, ngati sindikufuna kudziwa.

"Iyo ni ya manzi, amama," anatero. "Madamu sadya ya mafuta, ati imaononga mtima. Ku mashopu yakulu bonse batenga yamene iyo."

Pamenepo ndinadziona wochenjera kuposa Kanyama yense. Ndinati chimene kumayadi adya lero, komboni imachifuna mawa. Mawigi anayamba kumayadi. Matewera otaya anayamba kumayadi. Amake Saidi akugulitsa za dzulo, ine ndigulitsa za mawa, ndipo pofika pamene adzadzuke ndidzakhala ndatenga makasitomala onse.

Firiji ndinagulitsa kwa mwini bala wina amene ali ndi jenereta. Ndinamasulanso mpango. Ndinapita m'tauni ndekha, osauza ngakhale Misozi. Kogulitsa makatoni kuja ndinapeza ya madzi ili yotsikirako mtengo, ndinati Mulungu wandiona. Mnyamata wogulitsayo anandiyang'ana.

"Ambuya, yonse ya manzi? Mupeleka ku komboni?"

Ndinamuyankha kuti, "Iwe tenga ndalama, komboni ndi yanga." Ndinkaganiza kuti akufuna kusungira wina. Anali kundichenjeza, koma khutu langa lochenjezedwa linafa kalekale.

Katundu ndinabwera naye Lachisanu masana, nditafunditsa bulangete, nthawi imene ndinkadziwa kuti amuna a amake Saidi ali ku mzikiti ndipo iwo ali m'kati kupemphera. Makatoni onse analowa pansi pa bedi.

Woyamba kugula anali amake Junior. Sanachedwe kubwerera, chitini chotsegula chili m'manja, nkhope ngati wamwa mankhwala.

"Ambuya, mwanigulisa chani ichi? Nasegula, mulibe saladi, ni manzi chabe. Nathila mu pani, vachita chabe kulila. Manje anyezi nizakazinga na chani?"

"Ndiyo imene akudya kumayadi," ndinatero. "Imasunga mtima."

"Mtima wanga uli che bwino, ambuya. Ni saladi nilibe."

Anthu amene anali pa pompi anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa pamenepo ndinamva zimene maso anga sanaone. Ndinaona zitini m'ngalande, koma sindinalowe m'khitchini ya munthu. Mayi wa komboni pogula tuna sagula nsomba yokha. Mafuta a m'chitini muja ndiwo amakazingira anyezi ndi tomato, n'kuponyamo repu, ndiwo ya banja lonse yakwana, saladi osagula. Madamu a kumayadi amataya mafuta chifukwa botolo lili pa shelefu. Kuno mafutawo ndiwo theka la malonda. Funso limodzi kwa mayi aliyense wa inu likanandiuza zimenezi. Sindinafunse, kuopa kuti nzeru yanga ingawolokere tsidya.

Kuchokera apo zinayenda msanga. Ndinatsitsa mtengo, anthu ayi. Ndinaika mbasela, tomato waulere pamwamba, ankatenga tomato n'kufunsa ngati ya mafuta yabwera. Onyamula zitsulo aja ankagula, koma ndi angati? Ana ankadutsa akukuwa kuti, "Ambuya ba manzi!" Firiji palibe, mpango wapepuka, pansi pa bedi padzaza.

Amake Saidi anawolokanso.

"Anaphiri, mkamwini wanga ali ndi shopu ku Kalingalinga, pafupi ndi nyumba zogona ana a makoleji. Kumeneko ya madzi imayenda. Tisinthane, mutenge ya mafuta yanga ina, yanuyo ipite uko."

Ndinati, "Katundu wanga akuyenda bwino." Ankaona ndi maso kuti sakuyenda. Anangogwedeza mutu n'kubwerera. Ine ndinati akufuna atenge katundu wanga, kenako azidzandiuza kuti anatayika pa njira.

Ndiye mvula inabwera, ngati ikulipira ya chaka chija inakana. Kanyama mukumudziwa, pansi ndi mwala, madzi salowa. Anadzaza msewu, anadzaza zimbudzi, analowa m'nyumba. Makatoni anasungunuka ngati buledi mu tiyi. Mapepala a buluu aja anayandama. Madzi ataphwa m'nyumba ndinapeza zitini zamaliseche, zina dzimbiri lagwira m'mphepete, zina zayamba kutukumuka pamwamba ngati chipumi cha mwana wagwa.

Apa ndiye mumvetsere, chifukwa mpaka pano ndinali chitsiru chabe. Kuyambira apa ndinali woipa.

Ndinazisankha. Zooneka bwino ndinatsekera m'sutikesi. Zadzimbiri ndi zotukumuka ndinakwecha ndi phulusa, n'kuzipaka saladi kuti ziwale. Zotukumuka ndinkazisanjikiza njerwa kuti zibwerere. Zonsezi ndinaika mu ndowa pafupi ndi chitseko. Ndipo ndinadziikira lamulo: za mu ndowa sindigulitsa kwa munthu amene ndikudziwa nyumba yake. Ndinkadikira makondakitala, okankha mawilibala, anthu a makomboni ena otsika basi ali pa changu. Munthu woti akadwala akadwalire kutali.

"Ni ya mafuta iyi, pepala chabe inachoka na mvula," ndinkawauza choncho. Akakayikira, ndinali ndi mawu anga otsekera malonda. "Nanga ningakupase choipa? Mdzukulu wanga uyu amadya yamene iyi."

Taonga amakhala pa kireti pambali panga, akulemba za ku sukulu. Sanadyepo n'kamodzi komwe. Ndinkamuuza kuti za malonda sizidyedwa. Chifukwa chake sindinamuuze. Mwana ali ndi pakamwa, ndinkatero, akanena kwa anzake.

Tulo tinathawa. Ndinayamba kumwa. Inde, ine amene mumandiona Lachinayi nditavala yunifomu ya amayi a mpingo. Kachasu ndinkagula komboni ina, n'kumuthira m'botolo la mankhwala a chifuwa. Poyamba kuti ndigone, kenako kuti ndiime pa kantemba, kenako popanda chifukwa.

Tsiku lina mwana anabwera kuchokera ku sukulu n'kupeza mbaula yozizira, ine ndili gada pa bedi dzuwa lili pamutu. Anandigwedeza, sindinadzuke. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake. Njala itamupweteka, anatenga chitini mu ndowa, n'kukadyera kuseri kwa nyumba ndi buledi wotsala, kuopa kuti ndimukalipira.

M'mawa mwake anayamba kusanza. Ndinati ndi malungo, ndinamupatsa madzi. Anasanzanso, miyendo n'kulefuka. Amake Saidi anamva kulira kwanga asanamve kwa mwana. Analowa osagogoda, anamuyang'ana, anatuluka kukatenga chitenge pa chingwe kuseri, anabwera n'kumubereka. Mayi wamkulu ngati uja, mwana wa sukulu kumsana, madzi a mumsewu akufika m'mawondo. Ine ndinkatsatira pambuyo, mutu ukugunda kachasu wa dzulo.

Ku kiliniki inali nthawi ya kolera. Pa geti beseni la mankhwala loviikamo mapazi, kumbali tenti, pa benchi anthu a komboni yathu yomwe ino, amake Junior ali pomwepo ndi mwana wawo. Nesi anamugoneka Taonga, anamutsina khungu la pamimba, anafunsa ngati akutsegula. Ndinati pang'ono. Anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali. Zikope za mwana zinali kugwa ngati wina akuzikoka.

"Taonga, niyangane," anatero nesi.

Mwana anatembenukira kwa ine. Mawu ake anali olemera ngati ali ndi chinthu m'kamwa.

"Ambuya, muli babili."

Nesi anaimirira. Nkhope yake inasintha.

"Ambuya, mwana anadya chani? Ngati ni kolela, apita mu tenti. Koma aya menso sanikondwelesa. Ngati anadya chakudya cha mu chitini, niuzeni manje manje, chifukwa iyo ni nkhani ina, ifunika ku chipatala chikulu."

Ndinati, "Zitini sadya."

Sindinaname, mmene ndinkadziwira. Koma mawuwo akutuluka, ndinakumbukira mbaula yozizira. Ndinakumbukira ndowa pa chitseko, yopanda chivundikiro, yopanda loko, ine amene ndimakhoma ngakhale shuga.

Pamenepo ndinamva chinthu chikukhudza dzanja langa pansi pa chitenge. Amake Saidi anali ataima pafupi, maso ali kutsogolo ngati sakundidziwa. Anandiika m'manja chitini chotsegula. Sindinafunike kuchiyang'ana. Zala zanga zinamva saladi amene ndinapaka ndekha, zinamva pamene njerwa inaphwanya.

Analankhula motsitsa, ine ndekha ndimve.

"Ndachipeza kuseri potenga chitenge. Sindinaonetse munthu. Pakamwa ndi panu, Anaphiri, koma mwanayu ndi wa tonse. Mukapanda kunena ndinena ine, mudzandide mpaka kumanda, ndipirira."

Amayi anzanga, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakuwa nthawi yomweyo. Ayi. Ndinaima. Mdzukulu wanga ali gone, akundiona awiri, ine mutu ukuwerenga anthu a pa benchi. Ndikanena, pofika madzulo Kanyama yense adziwa. Kantemba katha. Mpingo udziwa. Misozi adziwa. Ndinafika poganiza kuti mwina mayiyu wakonza zimenezi kuti atenge kona yanga. Mwana akulephera kumeza malovu, ine ndikufufuza chiwembu cha munthu amene wamubereka m'madzi a zimbudzi. Kugwa kwanga kwenikweni kunali pamenepo. Osati kachasu, osati njerwa. Pamenepo.

Taonga anayesa kukweza dzanja kuti andigwire, dzanja linagwera pa bedi.

Ndinatulutsa chitini, ndinachiika pa tebulo la nesi. Chinalira ngati belu.

"Anadya ichi. Chinali chotukumuka. Chinamira m'madzi a mvula, ine ndinachikwecha kuti ndigulitse."

Nesi sanandikalipire, analibe nthawi. Anaitana galimoto, akulemba, akufunsa osandiyang'ana.

"Benangu bamene munagulisa ni bandani?"

"Sindiwadziwa," ndinatero. "Ndinkasankha amene sindiwadziwa."

Apo ndiye anakweza mutu. Diso limenelo ndidzapita nalo kumanda.

Ku chipatala chachikulu mwana anagona masiku ambiri, machubu m'mphuno, kudya kwake kodzera m'chubu. Adokotala anati akanachedwa mu tenti, akuthiridwa madzi a kolera, mpweya ukanamuthera asanadziwe chimene akulimbana nacho. Misozi anabwera ndi yunifomu ya kuntchito, sanandipatse moni. Tsiku limene Taonga anayamba kulankhula bwino, amake anamufunsa mofatsa.

"Mwana wanga, unadyela chani va malonda? Si ambuya banakuletsa?"

"Nenze na njala," anatero. "Ambuya benze kuuza banthu ati ni yabwino. Ati na ine nimadya."

M'Kanyama monse munali munthu mmodzi yekha amene ankakhulupirira mawu anga osawayeza. Ndi amene ndinamudyetsa.

Misozi anandiperekeza mpaka pa khomo la wodi.

"Amama, mwana akachoka muno apita ku Chawama, kwa bazakhali bake. Imwe musabwele."

A zaumoyo anabwera, anatenga zitini zonse, za mu ndowa ndi za m'sutikesi zomwe, anatseka kantemba. Ku polisi ndinakhala pa benchi tsiku lonse, ndikuyankha mafunso, anthu akusuzumira pa windo. Anandimasula ndi chenjezo, mwina chifukwa cha imvi. Ndinabwerera ku nyumba yopanda firiji, yopanda katundu, yopanda mwana. Nsapato zake za sukulu zinali pa chitseko, pamene panali ndowa.

Kudzuka kwanga sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo musayembekeze zodabwitsa. Choyamba ndinathira botolo la chifuwa lija m'ngalande, amake Saidi akuona. Ndinawaitana dala. Ndinkadziwa kuti ndikathira ndekha, mawa ndikagula lina. Ndinadwala masiku angapo posowa kachasu, iwo ankabwera ndi phala n'kukhala mpaka nditamaliza.

Kenako ndinapita pa siteji ya mabasi. Ndinaima pamenepo m'mawa uliwonse, ndikuuza makondakitala ndi a mawilibala kuti amene anagula kwa ine chitini chopanda pepala asadye, ataye, ndipo amene anadwala andiuze. Wina anandilavulira pa phazi. Wina anati, "Kanshi ndimwe! Nenze pafupi kufa, mukazi wanga anakamba ati ni moba." Ndinagwada pa matope pomwepo. Ena sindinawapeze mpaka lero. Sindidziwa kuti zitini zija zinakathera m'mimba mwa ndani, ndipo pemphero limeneli silinayankhidwe.

Malonda ndinayambiranso pa saka, tomato ndi anyezi, kutsogolo kwa shopu ya amake Saidi, chifukwa pa kona yanga panalibe woima. Anthu ankagula kwa ine poona kuti iwo andilola kukhala pamenepo. Dzina langa linali litatha, ndinkadyera lawo. Ndinalowa gulu lino. Tsiku loyamba kupereka ndalama yanga m'manja mwa munthu wina kuti akaode, sindinadye. Ndinaima pa msewu mpaka wilibala inatulukira. Ndinawerenga katundu, anali wokwana. Ndinawerenganso. Musaseke, mpaka lero ndimawerenga, koma tsopano ndimawerenga pamaso panu.

A zaumoyo atabwera kudzaona, analola kuti kantemba katsegulidwe. Amuna a amake Saidi anandikhomera shelefu m'mwamba, pamene madzi sanafikepo. Tuna ndimagulitsa, inde. Koma ndimaoda ya sabata imodzi, ikatha ndipitanso. Ndipo ndimafunsa. Mayi akabwera ndimati mukaphika bwanji, muli angati, saladi muli nayo? Pakati pa mwezi amafuna kachitini kakang'ono ka mafuta, konyenyeka kaja, kotsika mtengo. Mwezi ukatha ena amatenga ya zidutswa zikuluzikulu. Ya madzi ndimasunga zowerengeka za onyamula zitsulo ndi bambo wina amene a chipatala anamuletsa mafuta. Mwezi wosala wa anzathu achisilamu tuna imathamanga, amake Saidi amandiuziratu. Ndipo taonani izi: malaiti atayamba kukhalitsa, mafiriji anadzuka, anthu anabwerera ku nsomba zaziwisi ndi nkhuku, tuna inayamba kuyenda mwaulesi. Ngakhale ndikanagula ya mafuta yokhayokha, makatoni onse aja akanandikhalira. Chimene anthu akufuna chili ngati madzi a mumsewu wathu, lero ali apa, mawa apatuka. Wogula wa komboni sakutsatira kumayadi, akutsatira mbaula yake.

Chitini chopanda pepala musagule, musagulitse, ngakhale akupatseni chaulere. Chadzimbiri m'mphepete, chophwanyika pa msoko, chotukumuka, chimene mukachidina pamwamba chimalira n'kubwerera, chimenecho si katundu, ndi maliro. Musachiponye pa dzala pamene ana amatola. Itanani a zaumoyo, kapena chikwirireni mozama.

Za mwana mukufuna kudziwa. Ndinkapita ku Chawama Loweruka, kukaima tsidya la msewu, kumuona akusewera, n'kubwerera. Azakhali ake ankandiona, sankandiitana. Misozi sanamve za kusintha kwanga kwa ine, sakanandikhulupirira. Anamva kwa amake Junior, anamva kwa amake Saidi, anadzaona yekha shelefu. Sukulu itatsekera anabwera ndi Taonga kuti adzagone masiku ochepa. Atsegulira, sanabwere kudzamutenga. Palibe amene ananena kuti zatha. Anangobweretsa yunifomu yake mu pulasitiki.

Ali nane tsopano. Wachira, kungoti amatopa msanga. Koma pali chimene sichinabwerere. Katundu akafika, amakhala pa kireti paja, n'kutenga chitini chilichonse, kuchidina ndi chala, kuchitembenuza, kuwerenga deti. Dzulo lomweli ndinatsegula chimodzi kuti tidye. Anandigwira dzanja.

"Ambuya, ni ya chani iyi?"

"Ya mafuta, mwana wanga. Yabwera lero."

Anandiyang'ana, anati, "Leta nione." Anawerenga pepala lonse, ananunkhiza, kenako anadya.

Zinandibaya pamtima, sindikubisirani. Koma sindinamuletse, ndipo sindidzamuletsa. Ine ndinakhala moyo wonse osakhulupirira anthu amene sanandilakwire. Iye ali ndi chifukwa.

Ndiye inu a makatoni a sabata yatha, sindikuyang'anani, ndikuyang'ana denga. Mitambo mwaiona mmene yayambira. Tikatuluka muno ndikakhala pa kantemba mpaka dzuwa litapendeka. Bwerani ndi chitini chimodzi, mukulunge m'chitenge ngati mukuchita manyazi. Ine musandikhulupirire. Taonga akakuwerengerani.

Tsegulani chitseko tsopano, amake Joyce. Amene anaima panjapo alowe, amve bwino.